Kunenepa chifukwa cha mankhwala a matenda a maganizo: mafunso ndi mayankho

Munthu akayamba kumwa mankhwala a matenda a maganizo, zinthu zambiri zimabwerera m'malo mwake. Tulo timabwera, mawu amene ankamveka m'makutu amachepa, mtima umakhala pansi. Koma pakapita miyezi itatu kapena inayi ena amapeza kuti thalauza lasiya kukwana, bulauzi ikuthina, ndipo njala sikutha. Mafunso ali m'munsimu ndi amene odwala ndi abale awo amafunsa kawirikawiri. Mayankhowa akuthandizeni kukambirana bwino ndi adokotala kapena anamwino amene amakuonani, chifukwa iwowo ndi amene akudziwa matenda anu ndi mlingo wa mankhwala anu.

Kodi n'zoona kuti mankhwalawa amanenepetsa, kapena vuto ndi ine amene sindidziletsa pa chakudya?

N'zoona, ndipo si dyera. Muubongo muli mbali imene imatiuza kuti takhuta, tisiye kudya. Mankhwala ena amatseka njira zimene histamine ndi serotonin, timadzi totumiza mauthenga muubongo, zimagwirira ntchito m'mbali imeneyi, ndiye uthenga woti mwakhuta umafika mochedwa kapena mofooka. Munthu amadya mitanda itatu ya nsima, pakangopita ola limodzi m'mimba mwayambanso kuitana. Njala yake imakonda zotsekemera ndi zamafuta: mandasi, tchipisi, buledi wopaka majarini, zakumwa zoziziritsa kukhosi.

Pamwamba pa njalayo pali tulo ndi kufooka. Amene kale ankadzuka m'mamawa kupita kumunda kapena kuyenda wapansi kupita kuntchito, tsopano akudzuka dzuwa litakwera ndipo thupi likulemera. Mankhwala ena amasinthanso mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga ndi mafuta, moti shuga wa m'magazi angathe kukwera ngakhale munthu asananenepe kwenikweni.

Palinso kunenepa kumene kuli kwabwino. Munthu amene anadwala matenda ovutika maganizo kwa miyezi ingapo osadya, akachira amabwerera pa thupi lake lakale. Kumeneko n'kuchira. Chimene tikunena pano ndi thupi limene likupitirira pamene linali munthuyo asanadwale.

Ndi mankhwala ati amene amanenepetsa kwambiri?

Pa mankhwala a matenda omva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuona, olanzapine ndi clozapine ndi amene ali patsogolo. Pambuyo pawo pali quetiapine, risperidone ndi chlorpromazine, amene ambiri kuno amangomutchula kuti CPZ. Haloperidol ndi aripiprazole sanenepetsa kwambiri, ngakhale kuti ena amakwerabe sikelo akamawamwa.

Pa mankhwala a matenda ovutika maganizo, amitriptyline, mirtazapine ndi paroxetine ndi amene amadziwika ndi vutoli. Fluoxetine nthawi zambiri sanenepetsa, ndipo ena amatsika pang'ono m'miyezi yoyamba. Pa mankhwala okhazikitsa maganizo, amene amapatsidwa kwa odwala bipolar (matenda amene munthu nthawi zina amasangalala mopitirira muyeso, nthawi zina amakhumudwa kwambiri), sodium valproate ndi lithium amanenepetsa, carbamazepine pang'ono, pamene lamotrigine sasintha thupi kwenikweni.

Matupi amasiyana. Anthu awiri angamwe risperidone mlingo wofanana, wina n'kuwonjezera makilogalamu 10, winayo osasintha. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi achinyamata komanso amene akumwa mankhwalawa koyamba m'moyo wawo. Thupi limakwera mofulumira m'miyezi yoyambirira, n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kuiyamba tsiku lomwe mwalandira mankhwala, osadikira kuti chaka chithe.

Bwanji ndingosiya kumwa mankhwalawa kuti thupi libwerere mwakale?

Chonde musatero. Pa mafunso onse ali pano, ili ndi limene likundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kunenepa ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amasiyira mankhwala mwakachetechete, osauza aliyense. Masabata oyamba munthu amamva kupepuka, n'kumati ndachira. Kenako tulo timathawa, maganizo amayamba kuthamanga, mawu aja amabwerera, ndipo mapeto ake ndi kugonekedwa kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba kapena ku St John of God. Kumeneko nthawi zambiri amayambanso ndi mlingo wokwera kuposa umene munthu anasiya. Ntchito, sukulu kapena banja zimene zinayamba kuyenda bwino zimasokonekeranso. Kusiya mankhwala chifukwa cha thupi kuli ngati kusasula denga lonse pakati pa dzinja chifukwa likudontha pakona imodzi.

Dziwaninso kuti thupi silitsika lokha msanga munthu akasiya mankhwala. Ambiri amatsala ndi zonse ziwiri, matenda abwerera, makilogalamu alipobe. Ndipo mankhwala ena akasiyidwa mwadzidzidzi amabweretsa chizungulire, nseru, kusowa tulo ndi kunjenjemera. Kwa amene amamwa valproate kapena carbamazepine chifukwa cha khunyu, kusiya kungayambitse kukomoka koopsa.

Kudumphitsa masiku kapena kumwa theka la piritsi mwa inu nokha n'chimodzimodzi. Ngati mwatopa nawo mankhwalawo, kaneneni kuchipatala mmene zilili. Si mlandu kunena kuti, "Adokotala, mankhwalawa akundithandiza koma thupi likundidetsa nkhawa, ndipo ndaganizapo zosiya."

Kwathu akuti ndanenepa bwino, ndikuoneka kuti ndikupeza. Ndiye vuto lili pati?

Kwathu kuno kunenepa timakuyamikira. Munthu akabwera kuchokera kutauni atadzaza, timati zikumuyendera. Munthu akaonda timayamba kunong'onezana za matenda. Ndiye wodwala amene wanenepa ndi mankhwala amamva mawu okoma kwa azakhali ndi anzake a kumpingo, ndipo n'zomveka kuti safuna kuondanso.

Vuto lake ndi la m'kati. Mafuta ounjikana pamimba amabweretsa matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi sitiroko. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu odwala matenda aakulu a maganizo amamwalira msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi anthu ena, ndipo ambiri mwa iwo amafa ndi matenda a m'thupi ngati amenewa. Cholinga si kuonda mpaka mafupa kuonekera. Kungotsitsa makilogalamu 5 pa 100 alionse a thupi lanu kumathandiza kale shuga ndi BP. Kwa munthu wolemera makilogalamu 90, amenewo ndi makilogalamu 4 kapena 5 basi.

Ndidziwa bwanji kuti zafika pofunika kuchitapo kanthu?

Kwerani sikelo musanayambe mankhwala kapena sabata yoyamba, ndipo nambalayo ilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala. Kweraninso pakatha masabata 4, 8 ndi 12, kenako miyezi itatu iliyonse. Mukawonjezera makilogalamu 5 pa 100 alionse, monga kuchoka pa 60 kufika pa 63, nthawi yokambirana ndi adokotala yakwana, makamaka zikachitika m'mwezi woyamba.

Ngati sikelo ili kutali, tepi ya telala imagwira ntchito. Yezani mimba cha pamchombo mutatulutsa mpweya. Kwa abambo, kupitirira masentimita 94 ndi chenjezo, kwa amayi ndi 80. Njira ina yosavuta: dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, ndipo chizungulizeni pamimba. Chikalephera kukumana, mimba yakula kuposa muyeso.

Pemphaninso kuyezedwa BP ndi shuga poyamba, pakatha miyezi itatu, kenako chaka chilichonse. Zizindikiro izi zokha musadikire nazo tsiku la kiliniki: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuona mwachimbuuzi, kufooka kwambiri, kapena kuonda mwadzidzidzi musanasinthe kalikonse. Ameneyo angakhale shuga wokwera, ndipo kwa omwa olanzapine kapena clozapine amatha kukwera mofulumira. Miyendo ikamatupa moti mukadina chala pamatsala dzenje, amenewo ndi madzi, osati mafuta, ndipo afunika kuonedwa.

Kodi adokotala angandisinthire mankhwala?

Nthawi zina inde. Munthu amene wanenepa kwambiri ndi olanzapine angasinthidwe kupita ku aripiprazole kapena haloperidol, ndipo wa amitriptyline angapite ku fluoxetine. Koma mankhwala alionse ali ndi zovuta zake. Haloperidol amaumitsa thupi, amanjenjemeretsa manja, ena amayenda mouma. Aripiprazole amachititsa ena kusakhazikika, kumangofuna kuyendayenda, komanso sapezeka paliponse. Kusintha kumachitika pang'onopang'ono, mlingo wa mankhwala akale ukutsika pamene wa atsopano ukukwera, ndipo abale ayenera kudziwa kuti azionetsetsa.

Pali nthawi zimene kusintha si nzeru. Clozapine amaperekedwa kwa munthu amene mankhwala ena analephera kumuthandiza, ndiye kumuchotsa n'kumubweza kumene anachokera. Chimodzimodzi munthu amene wakhala bwino zaka zambiri pa mankhwala amodzi atavutika kwambiri m'mbuyomo. Pamenepo ndi bwino kusunga mankhwalawo n'kulimbana ndi thupi mwa njira zina.

Ambiri amapempha kuti angowachepetsera mlingo. Kuchepetsa kungathandize pa tulo, koma pa thupi nthawi zambiri sikusintha zambiri.

Ndiye nsima ndisiye?

Ayi. Malangizo oti musiye nsima samveka m'nyumba mmene nsima ndiye chakudya chimene chilipo, ndipo amene amayesa amalephera pakatha sabata n'kudziona ngati olephera. Chofunika kusintha ndi kuchuluka kwake ndi zimene zikutsagana nayo.

Ngati mumadya mitanda itatu, tsikirani pa iwiri kwa masabata awiri, kenako muone ngati umodzi ndi theka ungakwane. Malo amene atsala m'mbale adzazeni ndi ndiwo zamasamba: bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, kholowa, chigwada, therere, kabichi. Masamba akhale theka la mbale, ndipo muyambe ndi iwowo musanagwire nsima. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera chifukwa gaga wake sanachotsedwe. Nyemba, nandolo, khobwe, mazira, usipa, matemba ndi soya zimakhutitsa kwa nthawi yaitali, ndipo kwa munthu amene njala yake ikuchokera ku mankhwala, zimenezi ndi zofunika pa chakudya chilichonse, ngakhale cham'mawa. Tiyi ndi buledi woyera yekha amakusiyani ndi njala isanakwane 10 koloko. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro pang'ono, kapena mbatata yophika ndi dzira, zimafika nanu masana.

Mafuta ophikira ndi amene amabisala. Muziyeza ndi supuni m'malo mopungulira kuchokera m'botolo. Nsinjiro ndi zabwino koma nazonso zili ndi mafuta ambiri, ndiye ndiwo zotendera zisathiridwenso mafuta. Za pachiwaya, mandasi, zitumbuwa ndi kanyenya zikhale za apo ndi apo.

M'mabanja ambiri anthu amadyera mbale imodzi, ndipo m'mbale yotero n'kovuta kudziwa kuti mwadya zochuluka bwanji. Pemphani kuti akupakulireni mbale yanuyanu. Idyani pang'onopang'ono, ndipo mukamaliza dikirani mphindi 20 musanaganize zowonjezera, popeza uthenga wokhuta uja ukuchedwa kufika.

Kukamwa kumandiuma kwambiri, ndimangokhalira kumwa zoziziritsa kukhosi. Zimenezi zili ndi vuto?

Zili nalo, ndipo kwa anthu ambiri apa ndi poyambira pabwino kuposa pa nsima. Amitriptyline ndi chlorpromazine amaumitsa kukamwa, lithium amabweretsa ludzu. Botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 12 patsiku, kuphatikiza wa mu tiyi ndi m'zakudya zina zonse. Mabotolo awiri okha mwapitirira kale, ndipo m'mimba simumva kuti mwadya kanthu.

Sobo, maheu ogula, juwisi wa m'mapaketi ndi thobwa lothira shuga wambiri zili m'gulu lomwelo. Yendani ndi botolo la madzi. Ngati madzi okha sakukomerani, finyiranimo ndimu. Mu tiyi chepetsani supuni imodzi sabata iliyonse mpaka lilime lizolowere. Mowa, kaya ndi wa m'botolo, masese kapena kachasu, umanenepetsa, umawonjezera tulo ta mankhwala, ndipo umadzutsa matenda.

Njala imandigwira usiku ndikangomwa mankhwala. Nditani?

Izi zimachitika kwambiri ndi olanzapine, quetiapine ndi mirtazapine. Funsani adokotala ngati mungamwe mankhwalawo pamene mukukagona penipeni, kuti njala ikamafika ikupezeni muli m'tulo. Konzeranitu kanthu kopepuka madzulo, monga gwafa, papaya, nkhaka, chimanga chowotcha chimodzi kapena kapu ya chambiko chosathira shuga. Buledi, mabisiketi ndi nsima yotsala zisakhale pafupi ndi pogona.

Mankhwala amandigonetsa. Masewera olimbitsa thupi ndingawathe bwanji?

Yambani ndi kuyenda. Muyeso umene akatswiri amalimbikitsa ndi mphindi 150 pa sabata, kapena kuti mphindi 30 masiku asanu, koma amene wakhala miyezi ali chigonere ayambe ndi mphindi 10. Sankhani nthawi imene mankhwala apepuka m'thupi, kwa ambiri ndi chakumadzulo. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, siyani kabaza pa mtunda waufupi. Kulima, kutunga madzi, kusesa pabwalo, kuchapa, mpira, kuvina kukwaya, zonsezi ndi masewera. Kuyenda ndi mnzanu kumathandiza kwambiri, chifukwa tsiku limene mulibe mphamvu iyeyo amabwera kudzagogoda.

Omwa chlorpromazine asamale dzuwa, khungu limapsa msanga, ndiye chipewa ndi malaya a manja aatali n'zofunika. Mankhwala ambiriwa amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, choncho muziyamba mwakhala kaye pansi. Nthawi yotentha ya Okutobala ndi Novembala yendani m'mawa kapena dzuwa litapepa, mutamwa madzi okwanira.

Kunena zoona, kuyenda kokha sikutsitsa makilogalamu ambiri ngati kadyedwe sikanasinthe. Koma kumatsitsa shuga ndi BP, kumakonza tulo, ndipo kumapeputsa maganizo ngakhale sikelo isanasunthe.

Ndamva kuti pali mankhwala othandiza kutsitsa thupi. Alipodi?

Alipo. Odziwika kwambiri ndi metformin, mankhwala akale a matenda a shuga amene amapezeka m'zipatala zambiri ndipo si okwera mtengo. Malangizo a WHO a chaka cha 2018 okhudza umoyo wa m'thupi wa anthu odwala matenda aakulu a maganizo amalola kuti metformin aperekedwe pamene kusintha kadyedwe ndi masewera sizinakwanire. Kafukufuku amaonetsa kuti anthu amatsika ndi makilogalamu pafupifupi 3, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa msanga. Poyamba amatha kutsegula m'mimba kapena kuchititsa nseru, n'chifukwa chake amayamba ndi mlingo wochepa ndipo amamwedwa pamodzi ndi chakudya. Impso ziyenera kuyezedwa kaye. Musagule nokha kapena kubwereka kwa achibale odwala shuga.

Palinso majakisoni atsopano a semaglutide, ogulitsidwa ndi maina oti Ozempic ndi Wegovy, obayidwa kamodzi pa sabata. Amatsitsa thupi kuposa metformin, koma ndi odula kwambiri, ndipo munthu akasiya thupi limakonda kubwerera. M'chaka cha 2024 WHO inachenjeza za semaglutide wachinyengo amene anapezeka m'mayiko angapo, choncho wogulitsidwa pa Facebook kapena pa WhatsApp musamukhulupirire.

Nanga tiyi wochepetsa thupi, zitsamba, kapena kusala kudya?

Ambiri mwa ma tiyi amenewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimene chimatsika ndi madzi, osati mafuta. Kwa omwa lithium izi n'zoopsa kwambiri, chifukwa thupi likauma lithium amachuluka m'magazi mpaka kukhala poizoni: munthu amanjenjemera kwambiri, amasanza, amadzandira, amalankhula mosamveka. Omwa lithium asasinthenso mwadzidzidzi kuchuluka kwa mchere umene amadya, asamwe ibuprofen kapena diclofenac popanda kufunsa, ndipo akamanenepa kwinaku akufooka ayezetse chithokomiro, chifukwa lithium amatha kuchifooketsa.

Kusala kudya kwa kumpingo kapena kwa mwezi wa Ramadan kambiranani ndi adokotala kusanayambe, kuti akonze nthawi yomwera mankhwala. Kudzimana chakudya tsiku lonse pofuna kuonda kumathera pa kudya mopitirira usiku.

Ena amasuta fodya poganiza kuti achepetsa njala. Fodya ndiye amawonjezera matenda a mtima amene tikuwathawawo. Koma ngati mumamwa clozapine kapena olanzapine ndipo mwaganiza zosiya kusuta, auzeni adokotala kaye. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa mankhwalawa mofulumira, ndiye mukasiya amachuluka m'magazi ndipo mlingo ungafunike kutsitsidwa.

Ndimamwanso ma ARV komanso ndili pa jakisoni wolera. Zikukhudzana?

Zingakhudzane. Dolutegravir, amene ali mu ma ARV otchedwa TLD, amawonjezera thupi kwa anthu ena, makamaka amayi, ndipo jakisoni wa Depo nayenso amatero kwa ena. Musasiye chilichonse mwa izi. Auzeni onse amene amakuonani mankhwala onse amene mukumwa, chifukwa dolutegravir amakweza metformin m'magazi moti mlingo wa metformin ungafunike kuchepetsedwa, pamene carbamazepine amafooketsa dolutegravir ndi njira zina zolera. Amayi omwa sodium valproate adziwenso kuti mankhwalawa angavulaze mwana m'mimba. Ngati mukufuna kutenga pakati, kapena msambo wasokonekera pamene thupi likukwera, pitani mukakambirane msanga.

Ndine mayi wa mnyamata amene akumwa mankhwalawa. Ndingamuthandize bwanji?

Mayi, choyamba musamunene kuti ndi wadyera kapena waulesi, ndipo muletse abale ake kumuseka. Njala imene akuimva ndi yeniyeni. Mwana amene akunyozedwa chifukwa cha thupi ndi amene amayamba kubisa mapiritsi pansi pa mphasa.

Kusintha kuchitike kwa nyumba yonse. Ngati iye akudya masamba ndi mgaiwa pamene ena akudya tchipisi patsogolo pake, sizitheka. Musamutsekere chakudya ndi loko, koma musasungenso zotsekemera zambiri m'nyumba. Mupatseni ntchito zomuyendetsa, monga kupita kumsika, kuchigayo kapena kudimba, m'malo momuuza kuti azingopuma chifukwa akudwala. Tsiku la kiliniki mupite naye, ndipo ngati pamzere pali anthu ambiri moti sikelo yaiwalika, mukumbutse ndinu kuti amuyeze n'kulemba m'kabuku.

Ndayesa miyezi iwiri koma sikelo sikutsika. Ndikulakwitsa pati?

Mwina simukulakwitsa paliponse. Kwa munthu amene amawonjezera makilogalamu awiri mwezi uliwonse, kuima pamalo amodzi ndi chizindikiro choti zimene akuchita zikugwira ntchito. Kutsika kwabwino ndi theka la kilogalamu pa sabata, ndipo pa mankhwala ngati olanzapine kumachedwa kuposa pamenepo. Yezaninso mimba ndi tepi, chifukwa nthawi zina lamba amayamba kukhwepa sikelo isanasinthe.

Kwa sabata imodzi lembani chilichonse chimene mwadya ndi kumwa, ndi nthawi yake, osasiya ngakhale mtedza wa m'njira kapena tiyi wa kwa aneba. Pepalalo mupite nalo kuchipatala pamodzi ndi manambala a sikelo. Ngati pakatha miyezi itatu thupi likukwerabe, funsani mwachindunji za metformin kapena za kusintha mankhwala, ndipo pemphani kuti akuyezeni shuga tsiku lomwelo.